Ndipente Galimoto ya Malemu Bambo Ukwati Usanafike?

Aphungu,

Ine kuzungulira sindikudziwa, choncho ndingolunjika. Ndikufuna kupenta galimoto imene anatisiyira malemu bambo anga, koma mchemwali wanga Rashidah akuti ndikatero ndaipha mtengo. Ndakulemberani kuti mumuuze kuti akulakwitsa. Ine wasiya kundimvera, koma tsamba lanuli saliphonya.

Ndiyambe ndi kunena kuti penti ndimaidziwa. Ndiyo ntchito yanga. Sindinapite ku sukulu ya ntchito zamanja ayi, ndinaphunzira ndi maso nditaima pambali pa amisiri ena, kenako ndi manja angawa. Lero mukaima pa msewu wopita ku boda n'kumaona maminibasi oyenda pakati pa Mwanza ndi Blantyre, ambiri mwa iwo anadutsa m'manja mwanga. Munthu akafuna kugulitsa galimoto yotopa amabwera nayo kwa ine. Ndimaikwecha ndi sandipepala, mabowo ndi mopindika ndimatseka ndi fila, n'kupopera penti. Ikatuluka imagulidwa msangamsanga, pa mtengo umene mwini wake samayembekezera. Izi sindinachite kumva kwa munthu. Penti imakweza mtengo wa galimoto, basi.

Galimoto ndikunenayi si minibasi. Ndi yakale, ya ku Mangalande, ya mipando iwiri yokha, yotsika ngati ikukwawa, denga lake la nsalu lopindira kumbuyo. Bambo anga, a Bahati, anali ndi sitolo pa boma pano, ndipo anaigula kwa Mpwitikizi wina wa ku Zobwe amene ankabwerera kwawo, ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Mtundu wake ndi wobiriwira moderako ngati tsamba la nachesi. Injini ikadali bwino, ndimailiza ndekha Lachisanu lililonse tikachoka ku mzikiti.

Ku Mwanza kuno imadziwika kuti "ya akwati". Bambo sankapita nayo kukaoda katundu ayi, ntchito yake inali maukwati. Asilamu ndi Akhristu omwe ankabwera kudzaipempha, ena kuchokera kwa Kanduku, ena ku Thambani. Popeza mipando ndi iwiri, bambo ankanyamula mkwatibwi yekha, mkwati n'kumatsatira m'mbuyo pa pikiapu, wina ngakhale pa njinga. Mkwati akayamba kudandaula bambo ankamuuza kuti, "Yambani lero kuzolowera, mwana wanga. Kutsogolo kuli eni ake."

Koma maukwati omwewo ndi amene anaionongera nkhope. Anthu ankamata maliboni ndi mabaluni ndi selotepi, pomatula penti n'kutsatira. Azimayi akasangalala ankapopera perefyumu mkwatibwi ndi galimoto yomwe. Ena poithokoza ankaitsuka ndi sopo wa ufa wochapira zovala. Onjezani dzuwa la kuno. Lero pa boneti patuwa ngati pawazidwa phulusa, ndipo pali timizeremizere ta selotepi paliponse.

Bambo atadwala komaliza anatiitana ine ndi Rashidah, amayi ali pomwepo. Anati, "Ine ku Makka sindinafike. Galimotoyi mudzaigulitse, amayi anu akafike." Tinagwirizana kuti iyambe yagwira ntchito imodzi yomaliza. Mwana wanga woyamba, Sharifah, akukwatiwa mwezi wamawa, ndiye imunyamule pa tsiku la nikaha yake, kenako tiigulitse amayi akalembetse ulendo wa Haji. Amayi akula, mawondo ayamba kuwavuta. Masiku ano amadzuka m'mamawa n'kuyenda wapansi mpaka kumsika n'kubwerera osagula kanthu, akuti akulimbitsa miyendo chifukwa amva kuti kumeneko n'koyenda kwambiri.

Zonse zinali bwino mpaka tsiku limene a kuchimuna anabwera kuchokera ku Limbe kudzakambirana za mwambo. Titatha kudya, amalume ake a mkwati anati akufuna kuona galimoto imene akhala akuimva mbiri. Ndinawatengera ku shedi ya kuseri kwa sitolo, ndinavundukula lona. Munthu uja anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Iyi ndiye yotchuka ija? Achimwene, ine ndimayesa mwativundukulira khola la nkhuku! Musavutike, tidzabwera ndi yathu yatsopano. Mwana asadzalowe m'banja mwathu ngati wachokera kumunda."

Ine ndinati, "Yanuyo mudzanyamulire mapoto."

Mayi a Sharifah anandiponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo sindikuwabweza. Munthu wabwera pakhomo panga, wadya mpunga wanga, n'kunyoza galimoto ya bambo anga pamaso pa mwana wanga. Ndipo pa anthu onse, anyoze ine wopenta galimoto! Kutacha ndinakagula penti yoyera. Ndikufuna ituluke yoyera mbee, ndi kamzere kagolide m'mbali, kuti ikadzaima pakhomo munthu uja adzasowe poyang'ana.

Ndinayamba ndi madigadi ya kumbuyo. Ndinali nditakwecha malo aakulu ngati thireyi ya tiyi, chitsulo chitaonekera, pamene Rashidah anamva phokoso ali m'sitolo. Iyeyo ndiye amayendetsa sitolo ya bambo masiku ano. Anabwera chothamanga, makasitomala atawasiya pa kauntala, n'kudzakhala pa boneti.

"Achimwene, mukafuna kupopera muyambe ineyo."

"Tsika pamenepo, iwe umadziwa kuyeza shuga basi."

"Shuga ndimamudziwa, eya. Komanso makutu ndili nawo. A Kinsley aja anati chiyani?"

A Kinsley amenewa ndi bambo wina wa ku Blantyre amene amasonkhanitsa galimoto zakale. Miyezi yapitayo, akuchokera ku Tete, anaima pa sitolo kugula madzi, ndipo galimotoyo anaiona ine ndikuiliza. Anaizungulira, anagwada n'kusuzumira kunsi, anatsegula buti, anasisita boneti ngati akusisita mwana wodwala. Pochoka anasiya nambala ya foni n'kunena kuti, "Mukadzafuna kugulitsa mundiimbire. Koma chonde, chilichonse mungachite, musaipente. Penti imeneyi ndi ya ku fakitale. Ikachoka yachoka."

Rashidah anameza mawu amenewa osatafuna. Ine ogula ndimawadziwa, Aphungu. Wogula mbuzi sangakuuze kuti uyambe wainenepetsa. Akufuna ikhale yotuwa chonchi kuti adzaitenge motchipa, akaipente yekha ku Blantyre, akagulitse kwa azungu.

Ndinamuuza Rashidah kuti kwathu kuno chinthu chosapenta ndi chinthu chopanda mwini. Idi ikayandikira timapenta nyumba, timapenta mpanda, ngakhale zitseko za kubafa. Bambo ankapenta sitolo chaka ndi chaka osaphonya.

Iye anati, "Nanga galimoto anaipentapo kangati?"

Ndinati, "Sanaipente chifukwa nthawi imeneyo ku Mwanza kunalibe wodziwa. Tsopano alipo."

Anandiseka ine mkulu wake. Madzulo ake anagula loko watsopano n'kukhoma shedi, kiyi wamangirira ku mpango. Ndinapita kwa amayi kuti aweruze, koma anangoti, "Odziwa za galimoto ndinu. Ine ndikungodikira."

Ndiye ndiuzeni mosapsatira. Zingatheke bwanji kuti chinthu chowala chitsike mtengo kuposa chotuwa? Ndani anagulapo nsalu yosuluka n'kusiya yatsopano? Ine ndatsimikiza mtima. Penti ndagula, kompuresa ili bwino, ndipo loko si chinthu chovuta kwa munthu amene ali ndi sowo ya zitsulo. Ndangodikira yankho lanu kuti pasadzakhale wonena kuti sindinafunse.

M.B., Mwanza

A M.B.,

Loko musadule. Sowoyo ibwezeni m'bokosi, khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto ngakhale magazi atenthe. Mwati mumakonda kulunjika, inenso ndilunjika: mchemwali wanu akunena zoona. Mukaipopera yoyera galimoto imeneyo, mtengo wake utsika, ndipo ukhoza kutsika kwambiri.

Sindikunyoza luso lanu. Zimene mwanena za maminibasi n'zoona. Koma mwasokoneza misika iwiri. Wogula minibasi akufuna chonyamulira anthu, ndipo ikawala amakhulupirira kuti okwera aithamangira. Wogula galimoto ngati ya bambo anu sakufuna chonyamulira kanthu. Pa msewu wa ku Thambani sangapite nayo, matumba a chimanga salowamo. Chimene akugula ndi ukale wakewo, kuti ili monga inatulukira kumene inapangidwa. Injini yakufa amaikonza, matayala amasintha, koma penti ya ku fakitale palibe sitolo imene imagulitsa. Nsalu yosuluka ija mwaifunsa, alipo anthu amene amaifunafuna, ndipo ndi okhawo amene angapereke ndalama zofikitsa munthu ku Makka.

Ine sindine makaniko, choncho kalata yanu ndinaionetsa kwa anthu awiri amene amakonza ndi kugulitsa galimoto zakale, aliyense payekha. Wina anandiuza kuti, "Penti yatsopano pa galimoto yakale ili ngati bandeji. Ndikaiona ndimayamba kufunsa kuti pansipo pali bala lanji." Ndipo amene mwamupatsa mphamvu munthu ameneyu ndinu nomwe. Mwalemba nokha kuti mabowo mumatseka ndi fila n'kupopera. Ogula amadziwa zimenezo. Amabwera ndi maginito m'thumba, amaiyendetsa m'mbali mwa galimoto, pamene pali fila siigwira. Galimoto yanu mmene ililimu siikubisa kanthu. Wogula akuona ndi maso kuti sinagundidwepo, sinawotchereredwe, dzimbiri silinadye. Mukaiphimba ndi penti, ngakhale mutaipenta mokongola bwanji, mwachotsa umboni umenewo ndipo adzagula mokayika. Wogula mokayika amatsitsa mtengo.

Sindikuti galimoto yakale siipentedwa konse. Ikakhala kuti dzimbiri lalowa mpaka kuboola, kapena wina anaipentapo kale mosalongosoka, penti yatsopano imaithandiza. Koma ngakhale pamenepo amabwezera mtundu wake womwewo, amachotsa magalasi ndi zonyezimira zonse, amapopera m'chipinda chosalowa fumbi, ndipo amajambula zithunzi ntchito isanayambe mpaka kutha kuti wogula adzaone chili pansi. Ndi ntchito ya miyezi, si ya kuthamangira ukwati. Zimene mukufuna inuzi, kusintha yobiriwira kukhala yoyera n'kuonjeza kamzere kagolide, ndiye njira yachidule kwambiri yothamangitsira ogula enieni. Muonenso m'buku la galimotoyo. Mtundu wake unalembedwamo, ndipo mukausintha mwadzipatsa ulendo wina wa ku ofesi yoona za pamsewu.

Pa za a Kinsley, kukayika kwanu sindikukutaya. Munthu akhoza kunena zoona uku akufunanso kugula motchipa. Zonse ziwiri zimatheka mwa munthu mmodzi. Koma mankhwala ake si penti. Mankhwala ake ndi kupeza ogula ena. Jambulani galimotoyo masana, mbali zonse, m'kati, kunsi, mu injini, ndi timapepala kapena tizitsulo tonse tolembedwa manambala. Mutumize kwa anthu angapo okonda galimoto zakale, a ku Blantyre, a ku Lilongwe, ndipo inu muli pa boda, madalaivala opita ku Joni mumacheza nawo tsiku ndi tsiku. Aliyense mumufunse mafunso awiri: angapereke zingati mmene ililimu, nanga ingakhale yoyera angapereke zingati? Musamve za ine kapena za Rashidah. Mumve mayankho awo. A Kinsley akadzadziwa kuti si okha, mtengo wawo udzasintha wokha.

Tsopano ntchito, chifukwa manja anuwo sindikufuna angokhala. Choyamba ndi bala mwapanga pa madigadi lija. Chitsulo chili pamtunda, ndipo chikakhala choncho dzimbiri siliyembekezera kuitanidwa. Pemphani kiyi mwaulemu, mupite limodzi ndi mchemwali wanu, mutsekepo ndi penti yoyambira, yoteteza chitsulo, lero lomwe. Kenako musakanize yobiriwira yofanana ndi yakaleyo. Mtundu weniweni muupeza m'kati mwa buti kapena pansi pa kapeti, kumene dzuwa silinafike. Mupente pamalo pokhapo, osapitirira ngakhale chala chimodzi, ndipo wogula mudzamuuze nokha kuti apa ndinakonzapo. Kufananitsa penti yatsopano ndi ya zaka zonsezo n'kovuta kuposa kupopera minibasi yathunthu. Ngati mukufuna poonetsera kuti ku Mwanza wodziwa alipo, ndi pamenepo.

Kutuwa kwa pa boneti nthawi zambiri kumakhala pamwamba chabe, penti yamoyo ili pansi. Itsukeni ndi sopo wa galimoto ndi nsalu yofewa, sopo wochapira zovala asayandikirenso. Mukatero yesani polishi wofewa pa kamalo kobisika, ndi dzanja, pang'onopang'ono. Makina opolishira musagwiritse ntchito, chifukwa penti yakale ndi yopyapyala ndipo makina amaiboola musanaphethire, makamaka m'makona. Kamaloko kakawala, pitirizani chigawo ndi chigawo, pomaliza mupake phula loteteza. Timizere ta selotepi tina tichoka, tina titsala. Totsalato tisiyeni. Wogula akafunsa mumuuze kuti galimotoyi inakwatitsa theka la Mwanza, muone ngati sadzatulutsa foni kuti ajambule. Lona lolimba lija lichotseni, limakanda penti ndipo limasunga chinyezi. Nsalu ya thonje yopepuka ikwanira, popeza ili kale pansi pa denga.

Pa tsiku la nikaha maliboni amangidwe ku mabampala ndi ku zogwirira zitseko, selotepi isaoneke. Azimayi a perefyumu muwauze mwaulemu kuti apopere mkwatibwi akatsika. Ndipo mumufunseko Sharifah, poti m'kalata yanu yonse sindinamve mawu ake ngakhale amodzi. Wokwera ndi iye. N'kutheka kuti akufuna kukwera galimoto ya agogo ake monga anaidziwira akukula.

Za amalume aja ndinene pang'ono. Anakunyozani, ndipo zinawawa chifukwa anagwira pa ntchito yanu. Ndikumvetsa. Koma munthu ameneyo adzabwera, adzadya, adzabwerera ku Limbe, ndipo pofika Lolemba adzakhala akuseka china. Mukaipenta yoyera akhoza kudzanenanso kuti mwabweretsa ambulansi. Pakamwa potero simungapatseke ndi penti. Mapanga awiri avumbwitsa, a M.B. Simungathe kuyankha amalume ndi kutumiza amayi ku Haji ndi galimoto imodzi.

Komanso musaiwale kuti galimotoyo si yanu nokha. Bambo anu anaitana anthu awiri, ndipo anatchula wachitatu amene idzamugwirire ntchito. Inu ndi Rashidah mwangoisunga. Mchemwali wanu sanakhome shedi chifukwa chokudererani. Akulondera ulendo wa amayi ake, amenenso ndi amayi anu. Penti yoyera mwagulayo siionongeka, maminibasi ofuna kuyera ku Mwanza sadzatha.

Ndikudziwa kuti munthu wotsimikiza mtima ngati inu akhoza kuwerenga zonsezi n'kunena kuti Aphungu nawonso sadziwa penti. Chabwino. Ngati mwasankha kupoperabe, sindingakugwireni dzanja ndili kuno. Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Musanayatse kompuresa, pitani kwa amayi anu, mukhale pansi, muwayang'ane kumaso, muwauze ndi pakamwa panu kuti ndalama zikadzaperewera ulendo wawo udikire chaka china, chifukwa munthu wina wa ku Limbe anaseka. Mawu amenewo akatha kutuluka m'kamwa mwanu, kapopereni.

Aphungu